Makina Anati Alibe Kanthu

Ndinadzuka tambala asanalire, msana utauma chifukwa chogona pamkeka. M'nyumba ya siwa amayi a mphakati wathu anali atatopa ndi nyimbo, ena akusinza chokhala. Achemwali anga a Felesita anali chigonere pakati pathu, atafunditsidwa nsalu yoyera. Panja mwera unkawomba, ndipo abambo anali atazungulira chitsa cha moto, manja ali m'majekete.

Kutayamba kucha, adzukulu anatenga makasu n'kulowera kumanda. Kuseri kwa nyumba amayi anasonkha moto, mphepo ikuwabwezera utsi m'maso. Mpunga umene ankapeta unali womwe achemwali anawokera okha ku Bwanje, koma anakamweta ndi anthu ena, iwo atagona kale pamphasa.

Anthu anayamba kufika dzuwa litangotuluka. A ku Mtakataka anabwera pa minibasi, a ku Mua panjinga, ena wapansi, fumbi lili m'miyendo. Aliyense akakhala pansi ankafunsa monong'ona kuti chinavuta n'chiyani. Tinkayankha kuti khansa ya m'mawere. Zotsalazo ndinkazisunga mumtima.

Zaka ziwiri zapitazo achemwali anandigwiritsa kachotupa m'bere lawo lamanzere, kolimba ngati nyemba youma. Anamwino anawalembera kalata yoti akapimidwe ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, koma iwo ankaopa kudulidwa. Mwezi womwewo pamsika wa Golomoti panabwera anthu ndi makina ojambula kutentha kwa thupi. Ankati makinawo amaona khansa osakukhudza n'komwe. Ndine ndinawakakamiza achemwali kuti tipite. Anatipatsa chithunzi cha mawanga obiriwira ndi achikasu, n'kutiuza kuti poti palibe pofiira, palibe choopsa. Tinabwerera tikuseka, tikutafuna nzimbe. Kalata ya anamwino ija sinapitenso kulikonse. Pamene tinkafika ku Lilongwe chaka chatha, bere linali litayamba chilonda. Adokotala anayang'ana chithunzi chija n'kunena mofatsa kuti makina otere pawokha sangatsimikize kuti munthu alibe khansa.

Titasambitsa thupi n'kuliika m'bokosi, ndinatuluka kukataya madzi kuseri kwa bafa. Mayi wina wogulitsa matimati pamsika anandilondola. Ndinamuzindikira, tsiku lojambulidwa lija anali kumbuyo kwathu pamzere. Anamasula mfundo ya chitenje chake n'kutulutsa pepala lopindapinda. Mawanga ake anali omwe aja.

"Inenso anandiuza kuti ndili bwino," anatero. "Koma kachotupa kanga kakukulirakulira."

"Mawa lomwe mulawirire kuchipatala, mayi. Pepalali lisakunamizeni."

"Nanga akakandidula?"

"Achemwali ankaopanso zomwezo," ndinatero.

Anayang'ana kukhomo kumene abambo ankatulutsa bokosi. Anapindanso pepala lake. Sindikudziwa ngati anapita.

Akatekisi atamaliza mapemphero, tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Mtanda unatsogola, kenako amayi onyamula nkhata, kenako bokosi likusinthana mapewa. Njira yakumanda imadutsa m'minda ya thonje, ndipo mphepo inkang'amba nyimbo pakati, akutsogolo akuimba ndime ina, akumbuyo ina. Pamseu galimoto ziwiri zinaima kutipatsa njira. Ana a achemwali, atsikana awiri osinkhuka, ankayenda atagwirana m'chiuno. Wamkulu sanalire mpaka pamene dothi loyamba linagunda pabokosi. Apo anagwa, ndipo ife tinagwa naye.

Pobwerera tinasamba m'manja pamphambano. Anthu anadya, anatsanzika, njinga zinabalalika imodziimodzi.

Madzulo tinatsala achibale ochepa. M'nyumba munali zii, mipando idakali panja pomwe anaitulutsira, mkeka wa achemwali utakulungidwa pakona. Amuna awo, alamu anga, anakhala pakhonde atavula nsapato. Ndinakakhala pansi chapatali pang'ono.

"Alamu," ndinatero, "ku makina aja achemwali ndinawatengera ndine."

Anayang'ana mapazi awo.

"Ndikudziwa, mlamu. Njinga imene munakwera tsiku limenelo ndinakupoperani ndine."

Tinakhala pomwepo mpaka nkhuku zonse zitalowa m'khola. Palibe anadzuka kukayatsa nyale.