Tsiku Limene a Kuramochi Sanawerame

A Kuramochi Chizuru amaweramira aliyense. Amaweramira mapulofesa, amaweramira bambo wobweretsa katundu, amaweramira ngakhale ophunzira amene ndi msinkhu wa ana awo akanakhala kuti anabereka. Ine ndinawaonapo akuweramira foni potsanzikana ndi munthu amene anali ku Tokyo. Ndipo sikuwerama kongogwedeza mutu monga timachitira ife a ku Osaka ayi. Iwo amapinda msana wonse mpaka uone paliwombo pawo.

Khalidweli analiyamwira. Anabadwira m'nyumba yogona alendo kumapiri a ku Yamagata, kumene anthu amapita kukaviika matupi m'madzi otentha a pa akasupe. Asanadziwe kulemba dzina lawo anali atadziwa kale kuima pakhomo pambali pa mayi awo, kuweramira basi ya alendo mpaka itakhota kuseri kwa phiri. Nyumbayo inatsala ndi achimwene awo. Iwo anathawira kusukulu, zimene mayi awo sankazimvetsa, ndipo a Kuramochi amakonda kunena kuti anasankha kuphunzira za maselo a m'thupi chifukwa ndi alendo osadandaula za chakudya.

Ndinawapeza m'labu ya Pulofesa Nabeshima ku Niigata kuno, tebulo lawo litayang'anizana ndi langa. Banja anali atalilawako n'kulisiya. Nkhomaliro yawo inali imodzimodzi, mibulu ya mpunga yokhala ndi chipatso chamchere pakati, ndipo ankadya ataimirira pawindo. Ine ndine wapakamwa, sinditha kuona munthu waulemu osamuputa. Ndinkawauza kuti tsiku lina tidzawapeza akuweramira firiji. Iwo ankangoyankha osatukula maso kuti firiji ndi yoyenera ulemu chifukwa imagwira ntchito kuposa anthu ena a ku Osaka.

Ntchito yawo inali pa maselo amene amayala m'kati mwa mitsempha ya magazi. Maselo amenewa amagwirana m'mbali ngati njerwa za khoma, ndipo akalekerana, madzi a m'magazi amatayikira m'minofu munthu n'kutupa. M'kati mwa selo muli kapuloteni kena kamene kamangoyandama ngati kalibe kwawo. Koma selo likakaveka kamchira ka mafuta, kamakabaya pakhungu la selo, pomwe lakhudzana ndi linzake, n'kumangitsa kugwiranako. Funso limene linawadyera zaka a Kuramochi linali lakuti, n'chiyani chimauza selo kuti tsopano kaveke mchira?

Kuti azikaona, kapuloteniko anakamatika chinthu chowala mobiriwira. Kakakhala kopanda mchira, pa maikulosikopu umangoona chifunga chobiriwira chili mbuu paliponse. Kakavala mchira, chifungacho chimasanduka ukonde, selo lililonse litazunguliridwa ndi kamzere kowala. Tsiku loyamba kundionetsa ukondewo ndinaiwala ngakhale kuwaputa, ine amene, ndipo iwo anandiweramira ngati ndawayamikira.

Vuto linali lakuti ukondewo unkabwera tsiku limene wafuna. Athire mankhwala, asathire, asinthe madzi ofiirira amene maselo amakuliramo, zonse zinalibe ntchito. Choipitsitsa, unkabwera m'manja mwawo mokha. Pulofesa anandiuza kuti ndibwereze ine. Ndinatenga maselo omwewo, timabotolo taphwatalala tomweto, ndipo iwo anaima pambali panga kuonetsetsa kuti sindikuphonya kanthu. Ndinatenga timabotoloto kupita nato ku maikulosikopu, ndipo ndinangopeza chifunga. Ndinabwereza mpaka nyengo inasintha, chifunga chokhachokha.

Kuno sitimuuza munthu pamaso kuti wanama. Timangosiya kumufunsa za ntchito yake. Pamisonkhano ya labu a Kuramochi akaonetsa zithunzi zawo, anthu ankayang'ana m'makapu a tiyi. Zinkandiwawa koopsa, chifukwa manja anga ndiwo ankawapachika. Kumayambiriro kwa Disembala Pulofesa, amene si munthu wankhanza, anawaitana n'kuwauza mofatsa kuti ngati ukonde suoneka m'manja mwa munthu wina pofika Malichi, pamene chaka cha ntchito chimatsekedwa, kafukufukuyo atsekedwa ndipo maselo awo athiridwa mankhwala ophera. A Kuramochi anathokoza n'kuwerama. Ine mtima unandipsa mpaka ndinakakalipira makina ogulitsa khofi.

Tsono mamangidwe a nyumba imene timagwiramo ntchito ndi otere. Kabati yofunditsira maselo ili m'labu mwathu, koma maikulosikopu yaikulu ili kumapeto kwenikweni kwa nyumba, ndipo kuti ukafike umadutsa m'kolido yaitali yozizira, pakhomo pa maofesi a akuluakulu onse ndi pachipinda chomwera tiyi. Timabotolo timatiika m'kabokosi kosunga kutentha. Ine kabokosiko ndinkakalendewetsa pa chogwirira ngati chikwama cha kumsika, ndipo ndikakumana ndi munthu ndinkangotsitsa chibwano. A Kuramochi ankakakumbatira pamimba ndi manja onse awiri, akuti maselo asamve mphepo.

Tchuthi cha chaka chatsopano sanapite kwawo. Anaimbira mayi awo kupepesa, n'kutsala okha m'nyumba yonseyo, kunja chipale chofewa chikugwa. Ankaganiza kuti popanda wowasokoneza ukonde ubwera tsiku lililonse. Sabata yonse anangoona chifunga. Anandiuza pambuyo pake kuti anayamba kudzikayikira okha, kuti mwina maso awo ankaona zimene mtima unkafuna.

Tsiku lotsegulira ntchito ndi tsiku limene misana imavutika. Aliyense amatuluka m'kolido kupereka mafuno abwino a chaka chatsopano, ndipo suwerama kamodzi ayi, mnzako akatsika iwe umatsikanso. M'mawa umenewo ine ndinali patebulo langa ndikudya bisiketi ya mpunga imene wina anabweretsa kuchokera kwawo. Ndinangomva masilipasi akubwera mothamanga. A Kuramochi sathamanga m'nyumba, koma anali iwo, tsitsi lili nyankhalala, akupuma mwawefuwefu.

"Ushijima-san, siyani kutafuna. Ukonde wabwera, ndipo sunayambe wawalapo chonchi."

Ndinawauza kuti ndasangalala, koma wabwera m'manja mwa yani?

"Ayi, tamverani. Ndimaweramira mkulu wa dipatimenti, ndiye ndinamva madzi akuti khuvu pamimba panga. Ndinaweramanso, khuvu. Kodi inu mukanyamula kabokosi mumawerama?"

"Ine? Ndiweramire ndani, amene ndimamwa naye supu ya ramen madzulo?"

"Ndiye basi. Maselo anu amafika asanagwedezeke."

Bisiketi inandigwa m'manja. Maselo amenewa kwawo n'kumtsempha, kumene magazi sasiya kuyenda. M'kabotolo amakhala m'madzi ongoima, ndiye akangomva madzi akuwadutsa pamwamba, mwina amati magazi abwera, tigwirane. Chimene tinachifunafuna m'mabotolo a mankhwala zaka zonsezi chinali mumsana mwa a Kuramochi. Masiku amene ankakumana ndi anthu ambiri, ukonde. Sabata ya tchuthi m'kolido mopanda munthu, chifunga. Tinayamba kulankhula tonse nthawi imodzi, osamvana, ine ndikujambula mitsempha m'mwamba ndi timitengo todyera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma zikakhala kuti nkhonoyo waiona, kudekha kumathawa.

Tsiku lomwelo anandikumbatiritsa kabokosi n'kundiphunzitsa kuwerama monga anaphunzitsidwira iwo, msana wowongoka, maso pansi, osafulumira kudzuka. Ankandiwongola mapewa ngati mwana wa kalasi yoyamba, akuti ndikuwerama ngati ndataya ndalama pansi. Ndinalowa m'kolido. Ndinaweramira mlembi, ndinaweramira ophunzira amene anathawira kuchimbudzi kukaseka, ndinaweramira chozimitsira moto chofiira chimene chili pakona. Wina anafunsa ngati ndalakwira munthu. Titafika, ndinaika kabotolo pa maikulosikopu, tinadikira pang'ono, ndipo mizere yobiriwira inayamba kuoneka m'mbali mwa maselo. Ukonde m'manja mwanga. Ndinavina m'kachipinda kamdima kameneko mpaka ndinagunda mpando.

Ndinkafuna tithamangire kwa Pulofesa nthawi yomweyo, koma a Kuramochi anakana. Anati taonetsa mbali imodzi yokha. Munthu angathe kunena kuti n'kutentha kwa pamimba, kapena kakumbatiridwe. Kuti nkhani ithe, pankafunika kuti iwo eni akumbatire kabokosi monga mwa masiku onse, adutse m'kolido nthawi imene muli anthu ambiri, koma osaweramira aliyense, ndipo pakaoneke chifunga. Atanena zimenezi nkhope yawo inasintha ngati akunena za kuzula dzino. Ndinawauza kuti tingathe kuchita m'mamawa anthu asanabwere. Anati ayi, zinthu zonse zikhale monga mwa masiku onse, kupatula chimodzi.

Mawa lake, itakwana nthawi imene anthu amatuluka kukamwa tiyi, anaima pakhomo la labu kabokosi kali pamimba. Anapuma mozama.

"Mukaona mutu wanga ukutsika, mundikoke kolala."

Tinanyamuka, ine ndili pambuyo. Mlembi anawerama, iwo anadutsa ali njo ngati mtengo wa magetsi. Ndinaona makutu awo akufiira. Sindinathe kupirira, ndinayamba kuweramira anthu m'malo mwawo, uku ndi uku, ine wa ku Osaka. Kenaka panatulukira mayi amene amakolopa m'nyumba mwathu, wa msinkhu wa mayi awo, amene m'mawa uliwonse amaweramirana naye mpaka kuiwala kumene akupita. Mayiyo anaimika chokolopera, anamwetulira n'kupinda msana. Khosi la a Kuramochi linanjenjemera, dzanja langa linali litafika kale pakolala, koma anadzigwira okha n'kudutsa, misozi ikulengeza. Mayiyo anatsala akuwayang'ana kukamwa kuli yasa.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, chitseko chomaliza chinatseguka ndipo anatuluka Pulofesa Nabeshima. Anawapatsa moni powatchula dzina. A Kuramochi anawayang'ana m'maso, chinthu chimene sindikhulupirira kuti anachitapo, n'kunena kuti, "Pulofesa, sindingathe pakali pano." Anapitirira osatembenuka.

M'kachipinda kamdima tinadikira nthawi yofanana ndi ya dzulo lake, kenaka tinawonjezeranso. Chifunga chinali mbuu, popanda ndi kamzere komwe. Chifunga chimene chinawasowetsa tulo zaka zonsezi anachiyang'ana ngati mwana wawo, akuseka kwinaku akupukuta m'maso ndi mkono wa chovala chawo choyera. Inenso ndinasangalala nawo.

Pulofesa anatitsatira, nkhope ili ndi nkhawa, akuganiza kuti mawu awo a mu Disembala ndiwo awapweteketsa mutu a Kuramochi. Tinawaonetsa zithunzi ziwirizo, ukonde wa dzina langa ndi chifunga cha dzina la a Kuramochi, ndipo tinafotokoza molandizana mawu. Anachotsa magalasi n'kuwavalanso. Kenaka anafunsa ngati mwatsala kabotolo kena m'kabati. Anthu a m'nyumba yathu amakambabe za tsiku limene Pulofesa Nabeshima anadutsa m'kolido atakumbatira kabokosi, akuweramira chozimitsira moto. Ukonde unabweranso m'manja mwawo. Za Malichi sanazitchulenso, koma anayamba kufunsa kumene tingapeze kathebulo kopendeketsa timabotolo mofanana nthawi zonse, poti msana wa munthu sungalembedwe m'lipoti.

Masana amenewo a Kuramochi sanadye mibulu yawo. Anaima pawindo n'kuimbira mayi awo, ndipo poti mayiwo makutu anayamba kuvuta ndipo amalankhula mokweza, ndinamva zonse. Anawafotokozera kuti ntchito yawo sitsekedwanso, kuti chimene chinadzutsa maselo ndi kuwerama kumene anawaphunzitsa pakhomo paja, poperekeza basi. Anafotokozanso za ulendo wa m'kolido, mmene anadutsira anthu onse osatsitsa mutu.

Kenaka mayiwo anafunsa kuti, "Ndiye mayi wokolopayo wakamupepesa?"

"Ayi, amayi, sindinapitebe."

"Pita kaye, Chizuru. Za maselo zakozo undiuzanso bwinobwino ukabwerako, ndikufuna ndizimve kuyambira poyamba."

Aka kanali koyamba mayi awo kupempha kumva za maselo. A Kuramochi anagwira foni ndi manja awiri n'kuiweramira, msana wonse, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali foni itaduka kale. Tsiku limenelo sindinawaseke.