Mlendo wa M'chikuta

Dzulo wailesi inati mwala wina wozungulira dzuwa, kuseri kwa pulaneti ya Mazi, wapatsidwa dzina. Akuti akatswiri a zakuthambo akautulukira mwala wotere sautcha dzina msanga, amayamba aulondola zaka kuti aone ngati ubwereranso m'njira yake. Ndinasiya kutongola chimanga, mtima uli kwathu ku Bundabunda.

Nthawiyo ndili mwana, amayi anali m'chikuta ndi khanda, m'nyumba mukununkha utsi ndi mafuta a nsatsi. Ndinafunsa atate dzina la mwanayo.

"Alibe," anatero. "Akali mlendo. Tiyambe taona ngati azankhala."

Ine ndinkadziwa kuti mlendo amachoka mukamumana chakudya. Ndinathamangira kuthengo kukatola masuku, nkudzawathira pamphasa pambali pake. Kenako ndinakunkhuniza mtondo nkutseka nawo pakhomo.

"Iwe, nichani ichi?" anafunsa amayi.

"Nifuna asayende."

Amayi anaseka mpaka misozi, nkundikokera pachifuwa.

Mchombo utagwa, azakhali anamutcha Enelesi. Lero ali ndi imvi, amandiimbira foni kudandaula mawondo, ine nkumangoyamika Mulungu.

Ndinadzamva nditakula kuti Enelesi asanabadwe, makanda awiri anatisiya asanatchedwe dzina, ndipo misozi ya amayi ija sinali ya kuseka.