Kabokosi Kamene Kankadzuka mu 1970

Chaka chimene ndinabwerera kwathu ku Chadiza, ndinapeza ntchito yokonza timabokosi tolemba kuzizira kwa mafiriji a katemera m'zipatala zakumudzi. Kabokosi kake n'kochepa ngati sopo wochapira, ndipo kalibe mphamvu yodzimangira pulogalamu. Zonse ndinkamangira pa laputopu yanga, n'kuzilongedza pamodzi, n'kuzithira m'kabokosimo.

Kalibenso batire la wotchi. Magetsi akangothima, kamadzuka kakuganiza kuti ndi tsiku loyamba la chaka cha 1970. Ndisaname, zimenezi zinkandikoma. Masana ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango, laputopu ili pamiyendo, maganizo n'kumapita okha ku chaka chimenecho. Ndinkawaona amayi ali kamtsikana, akutola mtedza m'munda ku Zemba, fumbi lili mbuu kumapazi, za ine asanazilote n'komwe.

Kuti kabokosiko kabwerere m'masiku athu, ndinakaikira kapulogalamu kofunsa nthawi kwa makina akutali kudzera pa netiweki ya foni. Pa laputopu kanagwira bwino, ine n'kudzitama ndekha. Chimene sindinaone n'chakuti kafayilo konena makina oti afunsidwe kanatsalira pa laputopu pomwepo, sikanalowe m'phukusi. Kabokosi kanapita ku chipatala china chakumudzi kakudziwa kufunsa, koma kosadziwa womufunsa.

Patapita milungu, mvula inagwa ya mvumbi, sola inafooka, firiji n'kumazima. Anamwino a kumeneko, mayi achikulire osakonda zocheza, anandiimbira m'mamawa wa tsiku la sikelo. Ndinapalasa njinga m'matope ndikutukwana netiweki njira yonse, poti ndinali nditaweruza kale kuti yolakwa ndi iyo.

Ndinapeza amayi atadzaza pakhonde, ana ali kumbuyo, makadi a sikelo ali m'mapepala a pulasitiki. Anamwino anandikokera m'kati.

"Achimwene, firiji yazima kangapo sabata ino. Mungondiuza chimodzi. Inatentha maola angati?"

Ndinatsegula zolembazo. Mzere uliwonse unkati 1970. Kabokosi kakazima n'kudzuka, kankayambanso kuwerenga pa chiyambi, ndipo nthawi imene kanali chigonere sinalembedwe paliponse. Kaya linali ola limodzi, kaya masiku awiri. Nditafufuza kafayilo kaja n'kukasowa, ndinatembenukira kwa anamwino.

"Sindingadziwe, amayi. Ndalakwitsa ndine."

Sanakalipe, ngakhale ine ndinkafuna atandikalipira. Anatseka firiji pang'onopang'ono.

"Mwana wa munthu sindimubaya mankhwala okayikitsa. Tulukani mukawauze nokha."

Kukonza kwake kunali kwa mphindi zochepa, mzere umodzi basi, ndipo ndinakonza tsiku lomwelo. Koma pakhonde paja ndinaima ngati mwana wasukulu woiwala phunziro. Ndinawauza kuti katemera lero kulibe, abwerenso katemera wina akafika kuchokera ku boma. Ena anang'ung'udza, ena anayamba kumanga zitenje.

Mayi wina wa ku Zingalume, amene anayenda pansi mtunda wonsewo, matope ali m'maondo, anayandikira ndi khanda la milungu yochepa. Ndinakonzeka kulandira mawu owawa, ndipo anali ondiyenera. Iye anagwada pang'ono, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo adokotala, mwatisamalira ana. Tidzabweranso."

Ananyamuka kulowa mumvula ija, ine osatha ngakhale kumuuza kuti sindine dokotala.