Cham'mimba Changa ndi Mantha a ku Zolozolo

Fungo la makala onyowa limandibwezabe ku Zolozolo, m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali sitandade eyiti. Mvula yowaza inkagwa m'mawa uliwonse, malata ankadontha pang'onopang'ono, ndipo yunifolomu yanga sinkauma pachingwe. M'nyumba tinkakhala awiri, ine ndi adada, chifukwa amama anali atatisiya chaka chapitacho. Matenda awo anayamba ndi m'mimba.

Nditatha msinkhu, azakhali anabwera kuchokera ku Nkhata Bay kudzandilangiza za nsalu ndi za ulemu, koma za ululu sanatchuleko. Choncho mwezi wotsatira, china chake chitayamba kundipotokola pansi pa mchombo mpaka kumsana, ndinangodziwa kuti matenda a amama andipeza. Ndinkagona chopindika monga ankagonera iwo, nditaluma bulangete, mapazi ali zii.

Sindinauze munthu. Adada anali atangoyambanso kuimba mluzu popukuta njinga yawo ya kabaza, ndipo sindinafune kuwauza kuti maliro ena ali m'njira. Ululu ukatha ndinkapumako, koma mwezi ukamapita mantha ankabwerera. M'kalasi ndinkagwira desiki ndi manja a thukuta, aphunzitsi akunena za mayeso amene ndinkakhulupirira kuti sindidzawaona.

Tsiku lina m'mawa adada anandipeza kuseri kwa bafa ndikusanza, nditagwada m'matope ofiira. Nkhope yawo inasintha. Anathamanga kukagogoda kwa a NyaMhango, mayi oyandikana nafe amene ankagulitsa nthochi. Mayiwo anandilowetsa m'nyumba, natseka chitseko, nandifunsa kuti ululuwo umabwera liti. Ndinawauza zonse ndikulira, ndi za amama zomwe.

"Mwana wane, ichi ndi cham'mimba, chimabwera ndi kumwezi," anatero. "Chimapweteka chomene, inenso chinandizunza. Koma sukufa ayi."

Anathira madzi otentha m'botolo, nalikulunga m'chitenje chonunkhira utsi, nandiika pamimba. Anati mawa lake tipite kuchipatala akandione bwinobwino. Tinapitadi, ndipo ndinabwerako ndi mapiritsi amene anandithandiza kulemba mayeso nditakhala mowongoka.

Nthawi yonse imene tinali m'kati m'mawa uja, adada anaima pabwalo mvula ikuwanyowetsa. A NyaMhango atatuluka n'kuwanong'oneza, ndinamva adada akuthokoza kuti: "Yewo, amama. Yewo chomene." Kenako anakhala pansi pakhonde, ndipo tsiku limenelo njinga sinatuluke.

Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti anatsala panja chifukwa cha manyazi, poti izi si nkhani za abambo, ndipo ndinawakwiyira pang'ono. Lero, pamene ndili ndi mwana wamkazi wa msinkhu womwewo, ndikudziwa kuti atandipeza nditapindika m'matope muja anaona mkazi wawo, ndipo miyendo inangowakana kulowa.