Nkhope ya Achemwali pa Maina a Eni

Chaka chimene achemwali anga anamwalira ndinkagwira ntchito pa boma pa Phalombe, m'kaofesi ka zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Kabungwe kathu kankathandiza magulu a amayi olima nandolo kupeza ogula, ndipo ine ndinali wa pakompyuta. Ntchitoyo ndinaiphunzira ku Blantyre, koma nditamva kuti kwathu kwapezeka malo sindinaganize kawiri. Mudzi wathu uli kunsi kwa Michesi, ndiye Loweruka ndinkangokwera njinga kukaona amayi.

Tinali ndi tsamba pa intaneti pamene anthu akunja otithandiza ankaonerapo amayi a m'magulu athu: dzina, dera ndi chithunzi. Tsamba lotere sulemba munthu mmodzimmodzi. Umakonza chikombole chimodzi, n'kusiya zizindikiro pamene payenera kubwera dzina kapena chithunzi. Zizindikirozo timati matagi. Munthu akatsegula tsambalo, kompyuta yaikulu yolisunga, imene timati seva, imawerenga tagi iliyonse n'kuikapo chinthu chenichenicho. Matagi ena amabwera okonzakonza, ena umapanga wekha. Ya zithunzi ndinapanga ndekha, ndipo ndinkainyadira. Ntchito yake inali yochepa: ukaipatsa nambala ya mayi, imakafuna chithunzi chake n'kuchiika pambali pa dzina.

Achemwali anali m'gulu la kwathu ku Michesi. Chithunzi chawo ndinajambula ndine, kumunda, ndi kamera ya ku ofesi. Nditawalozetsa kamerayo anakuwa kuti, "Iwe, tadikira ndimange bwino dukuyu, anthu angandiseke kunjako!" Ine ndinali nditadina kale. Anatuluka dzanja lili pamutu, akuseka mano onse pamtunda. Anandiuza kuti ndichifufute, koma sindinafufute.

Anayamba kudwala mvula ili pakati. Chifuwa, kutsegula m'mimba, kenako kuonda kuja kumene masiku amenewo tonse tinkakudziwa koma osakutchula. Nandolo akuchita maluwa tinawaika m'manda. Anasiya amuna awo ndi ana awiri, wamkulu ali sitandade 4, wamng'ono asanayambe sukulu.

Nditabwerera ku ntchito, abwana anga, mayi wachikulire amene ankayang'anira ofesiyo, anandiuza mofatsa kuti omwalira sayenera kukhalabe pa tsamba. Kufufutiratu kunandikanika. Ndinangowonjezera lamulo m'tagi muja: ikapeza kuti mayi walembedwa kuti anamwalira, imudumphe, isaonetse kanthu. Ndinayesa pa kompyuta yanga, zinayenda. Ndinatumiza ku seva, imene inali ku Blantyre, kudzera pa foni ya waya, n'kutseka. Sindinafunenso kuyang'anako.

Patapita kanthawi kunalowa gulu latsopano la ku Nazombe. Maina awo ndinalemba, koma zithunzi panalibe chifukwa kamera inali itafa ndipo inapita kokakonzedwa. Pa kompyuta yanga pambali pa maina awo pankaoneka timabokosi topanda kanthu, monga zinayenera kukhalira.

Tsiku lina m'mawa kunabwera apampando a gulu la kwathu, ndipo abwana anafuna kuwaonetsa mmene akuonekera pa intaneti. Ine ndinali m'chipinda chinacho. Ndinangomva, "Mayo ine! Si malemu awa?"

Abwana anandiitana ndi mawu otsika. Nditalowa ndinapeza apampando atagwira pakamwa. Pa sikirini panali achemwali, dzanja pamutu, akuseka, pambali pa dzina la mayi wa ku Nazombe amene sindinamuonepo. Pansi pake achemwali omwewo, dzina lina. Kutsika mpaka kumapeto kwa tsamba, nkhope yomweyo.

Ndinakhala pansi. Ndinauza apampando kuti makina angosokonezeka, koma ndinkadziwa kuti dzuwa lisanalowe nkhaniyi ikhala itafika kumudzi.

Ndinayamba kufufuza tsiku lomwelo. Poyamba ndinaganiza kuti ndinasokoneza manambala, mwina ndinapatsa amayi a ku Nazombe nambala ya achemwali. Ndinayang'ana mmodzimmodzi, onse anali ndi zawozawo. Ndinayang'ana mosungira zithunzi ngati chithunzicho chinakoperedwa kangapo, chinali chimodzi. Ndinati mwina kompyuta ya abwana ikusunga zakale, ndinaiyeretsa, osasintha. Ndinatumizanso mafayilo onse ku seva, poganiza kuti ena anaduka m'njira. Chimodzimodzi. Chondizunguza mutu chinali chakuti pa kompyuta yanga zonse zinali bwinobwino. Tagi yomweyo, chikombole chomwecho, koma kuno timabokosi topanda kanthu, ku Blantyre achemwali.

Kuyesa kulikonse kunkafuna kuimba foni ija kuti ndilumikizane ndi seva, ndipo foniyo inali imodzi ofesi yonse. Wina akafuna kuimba ndinkadula. Magetsi akathima ndinkakhala chabe. Ndipo ndikalumikizana, chimene ndinkadikira chinali kuona ngati nkhopeyo ibwerenso. Inkabwera pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba: duku, dzanja, chipumi, maso. Ndinang'amba katoni ya mapepala n'kuphimba mbali ya sikirini, kuti ndizingosuzumira pang'ono.

Ndili mkati mwa zimenezi kunabwera alamu, amuna awo a achemwali. Anali munthu wosalankhulalankhula, wochokera cha kumalire, ndipo Chichewa chawo chinkamveka Chilomwe. Kwathu anali mkamwini. Nyumba imene ankakhala anamanga okha pamalo athu, ndipo amalume anali atanena kale kuti akatha kumeta adzawasudzula, abwerere kwawo, ana atsale. Tsikulo anabwera ndi nkhuni za ku phiri kudzagulitsa pamsika. Anayedzeka njinga pakhoma, navula chipewa ali panja.

"Odi, alamu."

Ndinawapatsa mpando. Titapatsana moni anayamba kuzunguliza chipewacho m'manja.

"Ndamva kuti achemwali anu akumatuluka pa makina anuwa."

Ndinayamba kufotokoza kuti palibe chachilendo, ndi vuto la pulogalamu imene ndinalemba ndekha, ndipo ndikonza. Anakweza dzanja.

"Ayi, sindinabwerere mlandu. Ndimati ndingowaona."

Ndinachotsa katoni ija. Ndinaimba, makina analira mwachizolowezi chake, tsamba linayamba kutseguka. Alamu anasendeza mpando kufupi. Maso a achemwali atatuluka, iwo anapumira m'mwamba, n'kugwira m'mphepete mwa tebulo.

"Kumunda kwathu uku," anatero. "Mtengo wa mangowo ndinadzala ndine."

Ndinatsitsa tsamba. Anaona nkhope ikubwerezabwereza.

"Onsewa ndi iwo?"

"Ndi chithunzi chimodzi chomwecho, alamu."

Anayamba kuwerenga maina aja, chala chili pafupi ndi galasi koma osakhudza, milomo ikuyenda. Atafika kumapeto anatembenuka.

"Nanga dzina lawo lili pati?"

"Ndinalichotsa."

"Munalichotsa."

"Omwalira sitiwasiya pa tsambali."

Anagwedeza mutu. Sanakwiye, ndipo zikanandipepukira akanakwiya. "Oho," anatero. "Ndiye yatsala nkhope yokha."

Pofuna kuti ndichite kanthu ndi manja anga, ndinakweza tsamba kuti ndiwaonetse pamene dzinalo linali. Magulu ankasanjidwa motsata zilembo, Michesi kenako Nazombe. Achemwali anali omaliza m'gulu la Michesi. Ndinaloza mpata umene unalipo, ndipo chala changa chili pomwepo ndinaona kuti mzere wotsatira ndi wa mayi woyamba wa ku Nazombe, pamene nkhopeyo inkayambira. Masiku onsewo ndinkayang'ana mwa amayi a ku Nazombe. Sindinayang'ane amene anali patsogolo pawo, chifukwa pamenepo ndi pamene ndinkathawa.

Sindinawauze kanthu alamu. Anandifunsa ngati n'zotheka kuchitulutsa papepala. Pulinta yathu inali ya inki yakuda yokha, ndipo inkasiya mizere. Chithunzi chinatuluka chotuwa, mzere woyera utadutsa pa phewa. Anachilandira ndi manja awiri.

"Chinanso chingatheke? Ichi chitsale ndi ana. Chinacho ndipite nacho."

Ndinatulutsa chachiwiri. Sanafune kuzipinda. Ndinawapatsa katoni ija, anaika mapepalawo pakati, n'kumangirira pa kaliyala ndi mphira umene anamangira nkhuni.

Atapita ndinaimbira mnzanga wina wa ku Blantyre amene ankasamalira seva. Ndinamufunsa ngati anasinthapo chilichonse miyezi imeneyo. Anati inde, anaikamo pulogalamu yatsopano, koma sanaone chifukwa chondiuzira. Ndinamufotokozera zimene ndinaona.

"Aa, ndi zimenezo," anatero. "Yatsopanoyi sitaya tagi ikatha ntchito. Imaisunga n'kuigwiritsanso pa mzere wotsatira kuti tsamba lizifulumira. Ngati tagi yako siiyeretsa m'manja, imapitirira ndi zimene inanyamula."

Pa kompyuta yanga panali pulogalamu yakale, imene inkapanga tagi yatsopano pa munthu aliyense, n'chifukwa chake kuno vutolo silinkaoneka. Nditatsegula zimene ndinalemba, zonse zinali poyera. Tagi ikafika pa achemwali inkayamba yatenga chithunzi, kenako n'kuona kuti anamwalira, n'kudumpha. Chithunzicho chinkatsalira m'manja mwake. Ikafika pa mayi wopanda chithunzi, sinkapeza china cholowa m'malo, ndiye inkaika chimene inali nacho. Kale vutoli silikanaoneka chifukwa mayi aliyense anali ndi chake.

Mnzangayo sankadziwa kuti chithunzicho n'cha ndani. Anaseka n'kunena kuti aliyense amagwapo pamenepa kamodzi. Ndinamuthokoza n'kuika foni pansi.

Kukonza kwake kunali mzere umodzi: tagi isanayambe pa munthu aliyense, itaye chimene yanyamula. Ndinaulemba, koma sindinatumize msanga. Abwana anabwera kudzaima kumbuyo kwanga.

"Mwalipeza?"

"Ndalipeza."

"Tumizani, mwanangu. Amayi a ku Nazombe aja nawonso ali ndi abale awo. Zikawafika sizimveka bwino."

Ndinatumiza. Tsamba litatsegukanso, pambali pa maina a ku Nazombe panali timabokosi toyera kuyambira pamwamba mpaka pansi. Abwana anandigwira paphewa, n'kupita kukatereka madzi a tiyi.

Tsiku losudzula alamu ndinalipo. Amalume analankhula mawu abwino, kuti munthuyu anakhala nafe mwamtendere ndipo anadwazika mkazi wake mpaka mapeto. Anawapatsa khasu, mphasa, poto mmodzi ndi zovala zawo. Alamu anathokoza mwachidule, m'Chichewa kenako m'Chilomwe polankhula ndi amayi. Anakankha njinga m'kanjira kotsikira ku mtsinje. Mwana wamng'ono uja anawatsatira akuthamanga, ndipo amayi anandituma ine kukamutenga. Ndinamupeza atagwira kaliyala. Alamu anamasula tizala take kamodzikamodzi, n'kundipatsira mwanayo, osandiyang'ana kumaso.

Anabwerako kangapo kudzaona ana, atanyamula chinangwa kapena nzimbe. Kenako maulendo anatalikirana. Tinamva kuti akudwala, ndipo uthenga wotsatira unatipeza maliro ataikidwa kale. Anawo ndinawatenga ine, anakulira m'nyumba mwanga.

Koma zimenezo zinadza pambuyo. Kamera itabwera kokonzedwa, mwezi womwe alamu anachoka, ndinapita ku Nazombe kukajambula amayi aja. Anandidikira pansi pa mtengo pafupi ndi tchalitchi, atavala zitenje zawo za Lamulungu. Ndinkaitana dzina, mayi n'kuima pakhoma, ine n'kudina. Nditaitana amene anali woyamba pa tsamba, kunaimirira mayi wamfupi, wamsinkhu wa achemwali, mwana ali kumbuyo. Anaima pakhoma koma sanayang'ane kamera.

"Akuti pa dzina langa panali munthu wina," anatero.

Ndinatsitsa kamera. Nkhani inali itafika.

"Zoona, amayi. Makina analakwitsa, koma ndinakonza."

"Akutinso munthuyo ndi womwalira."

"Anali achemwali anga."

Iye anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Pepani," anatero. "Ife timangomva zina ndi zina. Anasiya ana?"

"Awiri."

Anakonza mwana kumbuyo, anaimirira bwino, ndinamujambula. Sanamwetulire.

Nditamaliza onse ndikumangirira chikwama pa njinga, mayi uja anatulukira kuchokera kuseri kwa tchalitchi akupuma mwabefu. Anali atathamangira kunyumba. Anandipatsa kajumbo ka nandolo wamuwisi ndi mbatata zingapo.

"Mukawaphikire anawo," anatero.

Ndinafuna kukana, poona kuti iyenso alibe zambiri, koma anali atatembenuka kale. Ndinapachika jumboyo pa handulo. Msewu wa ku Nazombe ndi wa mabampu, ndipo mbatatazo zinkandigunda bondo njira yonse mpaka kufika pa boma.