Edwina Chisale ndi Chipani cha a Harvey

Edwina Chisale anafika ku Leeds mu 2002, atagwira ntchito ya unamwino ku Zomba zaka khumi ndi ziwiri. Ntchito anaipeza kunyumba yosamalira okalamba ya Ayuda ku Moortown, kumpoto kwa mzindawu. Sabata yoyamba yomwe anakalipidwa chifukwa chotsuka sipuni ya mkaka m'sinki ya mbale za nyama. Panalibe amene anamuuza kuti kwa Ayuda mkaka ndi nyama sizikumana, ngakhale pasipuni. Koma anaphunzira msanga. Anazolowera kuti Lachisanu dzuwa likamalowa amayi okalamba amayatsa makandulo, ndipo kuchokera pamenepo mpaka Loweruka madzulo, nthawi ya Sabata imene Ayuda sagwira ntchito, woyatsa magetsi ndi kudina lifiti ndi iyeyo.

Mmodzi mwa okalambawo anali a Harvey Lipman, amene anakalambira m'mafakitale osoka masuti akutsogolera bungwe la antchito. Miyendo inali itawakana, koma pakamwa ayi.

Kumayambiriro kwa 2006 kunamveka zoti basi yoyamba ya m'mawa, imene Edwina ndi anzake ankakwera kuti ayambe shifiti ya 7 koloko, ichotsedwa. Tsiku lina akuwaveka masokosi a Harvey, Edwina anangodandaula chodutsa.

"Ndiye mungokhala chete?" anafunsa a Harvey.

"Nanga titani, bambo? Ife ndife alendo kuno."

"Alendo ati? Malawi ili mu Commonwealth. Ngati muli ndi mapepala okhalira muno, mutha kuvota."

Zaka zinayi zonsezo Edwina sankadziwa zimenezi. A Harvey anamuuza za chipani chawo chaching'ono cha antchito, chimene anachiyambitsa ndi anzawo atatopa ndi zipani zikuluzikulu. Mwana wawo Shirley ankaima paukhansala mwezi wa Meyi, m'wadi yomwe basiyo inkadutsa, momwe munkakhala Ayuda ambiri ndi Amalawi angapo.

Pamsonkhano woyamba, m'kachipinda ka pamwamba pa laibulale, Edwina anapeza anthu asanu ndi anayi okha. Nkhani ya basi sanaikhudze n'komwe. Ankakangana za tsiku lokumana. Loweruka Shirley ndi anzake amakhala kusunagoge. Lamlungu Edwina amaweruka kutchalitchi 4 koloko. Lachisanu a Issa, oyendetsa takisi, amapita kumzikiti. Misonkhano iwiri inathera pamenepo asanagwirizane za Lachitatu.

Komabe Edwina anayamba kuyenda khomo ndi khomo kwa Amalawi ndi mafomu olembetsera kuvota, atangoweruka kuntchito, mapazi atatupa. A Wilfred, mkulu wa mpingo, anamulandira bwino koma fomu anaikankhira uko.

"Mayi Chisale, ndale tinazisiya kumudzi. Nkhani yanga ya mapepala sinathebe. Mukufuna dzina langa lioneke pazinthu za chipani?"

Ena ankaseka. "Chipani chanucho chimagawa nsalu? Nanga zipewa?" Ena ankalonjeza kuti fomu adzaza mawa, mawalo osafika. Pakutha kwa mwezi anali atalembetsa anthu 23.

Kuholo ya sunagoge, kumene anapita ndi Shirley, anawalandira ndi tiyi ndi keke. Anthu anamvetsera mwaulemu, kenako bambo wina anati Shirley ndi mwana wawo, amamukonda, koma kuvotera kachipani kotero n'kutaya voti. Potuluka, mayi wina anamugwira Edwina pamkono. Iye anaganiza kuti wapeza womvetsa, koma mayiyo ankangofuna kudziwa ngati angamabwere kudzasamalira amuna awo Lamlungu.

Chimene chinamupweteka kwambiri chinachitika mu Epulo, pamsonkhano wokonza kapepala ka kampeni. Edwina anali atabwera ndi mayina a antchito 61 okwera basi ija, atawalemba yekha pasiteji kukuzizira. Asanatsegule pakamwa, a McDonald, mphunzitsi wa kuyunivesite, anati tsamba loyamba likhale la nkhondo za ku Middle East. Kenako anatembenukira kwa Shirley.

"Inuyo monga Myuda muyenera kunena poyera mbali imene muli."

Shirley anasintha nkhope. "Tinaguba limodzi kukana nkhondo ya ku Iraq. Chifukwa chiyani mukufunsa ine ndekha? Amene amandifunsa zimenezi kusunagoge ndi okwana kale."

Mkangano unatenga maola awiri. Edwina anapirira mpaka analephera, n'kuimirira.

"Pepani. Kodi khansala wa ku Leeds angaletse nkhondo? Ine ndabwera ndi nkhani ya basi. Anthu awa achotsedwa ntchito akamachedwa."

Onse anagwedeza mitu, wina n'kunena kuti mfundoyo ndi yabwino zedi. Ndiye anabwerera kumkangano wawo. Kapepalako katatuluka, kutsogolo kunali za nkhondo, nkhani ya basi inali kuseri, m'tizilembo tating'ono. Ayuda awiri amene ankathandiza kugawa mapepala sanabwerenso.

Shirley anapeza mavoti 187, n'kukhala wachinayi. Mwa anthu 23 a Edwina, asanu ndi anayi tsikulo anagwira mashifiti awiri ndipo sanavote. Mu Juni basi inachotsedwa.

A Harvey atamva zotsatira anamenya patebulo ndi chisangalalo. "187! Ulendo wathawu tinapeza 90 okha!"

Edwina sanaseke. "Bambo, inetu tsopano ndikumadzuka 4 koloko, n'kukwera mabasi awiri kudzera m'tauni. Chosangalatsa n'chiyani pamenepa?"

Mkuluyo anati iye wakhala akugonja pazisankho kuyambira Edwina asanabadwe. Edwina anawayankha kuti zimenezo si zonyadira, n'kutuluka. Masiku atatu analankhulana za mankhwala okhaokha.

A Harvey anamwalira chaka chotsatira. Edwina anapita kunyumba ya Shirley kukakhala nawo masiku asanu ndi awiri a maliro, pamipando yaifupi, magalasi onse odziyang'anira ataphimbidwa ndi nsalu monga mwa mwambo wa Ayuda. A chipani amene anabwera anali atatu.

Mu 2008 Shirley anati watopa, ndipo anamupatsa Edwina fomu yoti aime iyeyo paukhansala. Edwina anaiwerenga ali pabasi, mbali zonse ziwiri. Atafika kunyumba anamuimbira foni Shirley.

"Chemwali, chaka chino ayi. Ndilibe mphamvu zokangana ndi anthu a mbali yanga yomwe."

Chaka chimenecho chipanicho sichinaimike munthu m'wadimo. Edwina anavota ndithu, yunifolomu ili m'thupi, ndipo sanauze aliyense amene anamuvotera.