Thenmozhi Anakana Kusayina

Thenmozhi Arumugam wakhala zaka khumi ndi zinayi pakampani ina ya ku Chennai, ku India, yopanga mapulogalamu a m'masitolo a mankhwala. Ntchito yake ndi kuyang'anira makina amene amasonkhanitsa zimene anzake alemba n'kuzimanga kukhala pulogalamu yogwira ntchito. Kumanga zonse kuchokera pansi kunkatenga pafupifupi ola, anzake akung'ung'udza, khofi n'kuzizira m'makapu.

Chaka chatha kunabwera bwana watsopano, Vigneshwaran, munthu waphuma. Analamula kuti makina azimanganso mafayilo osinthidwa okha, otsalawo azingotola akale. Kumanga kwachidule kumeneku kunkatenga mphindi zinayi basi! Ofesi yonse inaomba m'manja, kupatula Thenmozhi.

Tsiku lotumiza pulogalamu kwa makasitomala litakwana, mayiyu anakana kusayina.

"Mayi Thenmozhi, chavuta n'chiyani?" anafunsa bwanayo. "Tayesa, zonse zili bwinobwino."

"Mwayesa zosakaniza, bwana. Lolemba tinasintha fayilo ya milingo ya mankhwala, koma makina sanamangenso gawo lolemba malangizo a pabotolo. Sanaone kuti ziwirizi zimayendera limodzi."

"Inutu ndi zachikale! Tikakusiyani mutibwezera kolemba pamasamba a mgwalangwa."

Ena anaseka. Thenmozhi anangokonza nsonga ya sari, nsalu yake yovala, paphewa.

"Lembani pomwe mukufuna. Langa dzina silikhalapo."

"Ndisayina ndekha."

"Cholembera ndi ichi. Koma muyambe mwakhala pansi."

Thenmozhi anayatsa makina kuti amange zonse kuchokera pansi. Vigneshwaran anazungulira ofesi ola lathunthu, foni ikulira m'thumba. Makina atamaliza, Thenmozhi anasindikiza malangizo a mankhwala a chifuwa a mwana, kamodzi ndi pulogalamu yachidule ija, kamodzi ndi yatsopano yomangidwa kuchokera pansiyi, n'kuyala mapepalawo patebulo. Latsopano linati mamililita awiri ndi theka. Lachidule linati makumi awiri ndi asanu.

Kuseka kunatha. Bwana sanapepese, anangoti atumize yomangidwa kuchokera pansi.

Kuyambira pamenepo njira yachidule inatsala ya ntchito za tsiku ndi tsiku. Yopita kwa makasitomala imamangidwa yonse, ndipo Thenmozhi analemba lamulolo m'makina momwemo kuti wina asalizimitse mwakachetechete.

Nthawi yokweza anthu pantchito itafika, anamudumpha. Pachikalata chounika ntchito yake, Vigneshwaran analembapo kuti ndi wovuta kugwira naye ntchito. Thenmozhi anachiwerenga kawiri, n'kuchibweza kwa bwanayo.

"Apa pokha mwalemba zoona, bwana. Bweretsani ndisayine."